Kuphunzira kupanga mawebusayiti: ndilipire kapena ndiyende za ulere?

Funso ili landikwana pa WhatsApp. "Achimwene, ndaona sukulu ya pa intaneti, akuti ukamaliza ntchito ili m'manja. Ndilipire?" Wina akangochoka, wina wafika ndi funso lomwelo, ndiye ndati ndiyankhe onse pamodzi. Njira zake ndi zitatu ndipo zonse ndinaziyendapo: maphunziro olipira mwezi ndi mwezi, ogula kamodzi ngati a pa Udemy, ndi aulere monga freeCodeCamp, The Odin Project ndi CS50.

Za HTML, CSS ndi JavaScript, zinenero za kompyuta zopangira mawebusayiti, sinditayirapo nthawi. Kulikonse kumene mungapite mukaphunzira zomwezo.

Ndiyambe ndi olipira pamwezi, chifukwa ndi amene anandipweteka. Sukulu imene ndinalowa sindiitchula dzina. Chimene chinandikopa si mavidiyo ayi, koma lonjezo lakuti ndidzakhala ndi mlangizi, munthu weniweni woti aziwerenga code yanga (malangizo amene ndalembera kompyuta) n'kundiuza pamene ndapotoza. Mtengo unali m'madola, ndipo khadi ya kubanki ukangoilowetsa kamodzi, ndalama zimachoka zokha mwezi uliwonse osakufunsanso.

Kenaka mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imene tinkagula pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Kwa eni sukulu kunja kuja mtengo sunasinthe, koma kwa ine maphunziro omwe aja anakwera usiku umodzi wokha. Ndinadziwira pa kauthenga ka banki pafoni, m'mawa ndisanamwe ndi tiyi yemwe, ndipo pamwamba pake panali kandalama kena kodulidwa chifukwa cholipira kunja. Amene amalandira malipiro m'makwacha n'kumalipira sukulu m'madola ayenera kudziwa kuti mtengo umene wauona tsiku lolembetsa si umene adzamalize nawo. Onjezaniponso kusowa kwa ndalama zakunja: mwezi wina khadi imangokana, ndipo sukuluyo siifunsa chifukwa chake, imangokutsekera kunja.

Nanga mlangizi uja? Analipo ndithu, koma nthawi zokumana naye anaziika poganizira anthu a ku America. Ikamakwana 7 koloko madzulo ku New York, kuno imakhala 1 kapena 2 koloko usiku, kutengera nyengo. Tangoganizani munthu wakhala pa laputopu pakati pa usiku, magetsi azima, batire latsala pang'ono, mlangizi mmodzi ali ndi gulu lonse, funso lako lili pamzere. Ntchito zambiri zimene ndinkatumiza sanali kuziwerenga munthu. Makina ndi amene ankayesa code n'kuonetsa chizindikiro chobiriwira kapena chofiira basi, chinthu chimene freeCodeCamp imachita osakulipiritsa ngakhale tambala.

Chinandiwawa koposa ndi ichi: nditasiya kulipira, zonse zinatsekeka. Maphunziro a miyezi imene ndinali nditalipira kale, mavidiyo, ngakhale ndemanga zochepa zimene mlangizi uja analemba pa ntchito zanga, sindinazionenso. Zili ngati nyumba ya lendi, ukatuluka sunyamulako ndi chitseko chomwe. Mpaka lero ndikaona malonda awo mtima umandinyamuka.

Tsopano aulere. freeCodeCamp anaiyambitsa Quincy Larson mu 2014, ndipo kwa munthu amene sanalembepo code chiyambire, poyambira pabwino ndi pamenepa. Zonse zimachitikira mu browser, palibe choika mu kompyuta, ndipo popeza zambiri ndi zolemba osati mavidiyo, bandulo imachedwa kutha. Vuto lake ndi lakuti imakugwira dzanja kwambiri. Umatha kudutsa mitu yambirimbiri, koma akakuuza kuti tsegula fayilo yopanda kanthu uyambe wekha, mutu umaima.

The Odin Project ndiye wokondedwa wanga, sindibisa. Iyi siinyengerera munthu. Kuyambira pachiyambi imakuuza kuti ukonze kompyuta yako monga amachitira anthu ogwira ntchitoyi, uphunzire Git ndi GitHub (zosungira code ndi kuigawana ndi ena), uzilemba malamulo mu terminal (polamulira kompyuta ndi mawu olemba), uziwerenga wekha MDN Web Docs ya Mozilla (buku la pa intaneti lofotokoza za mawebusayiti). Ukamaliza gawo loyamba umasankha pakati pa njira ya JavaScript ndi ya Ruby on Rails, chida china chopangira mawebusayiti. Anthu ambiri amathawira m'masabata oyambirira, ndipo pafoni pokha sizingatheke, pamafunika laputopu. Komabe zimene ndimadyera lero ndinaziphunzira kumeneku. Pa gulu lawo lochezerana la pa Discord ukafunsa funso lomveka bwino, anthu odzipereka amakuyankha, kawirikawiri mofulumira kuposa mlangizi amene ndinkamulipira uja.

CS50 ya ku Harvard, imene amaphunzitsa David Malan, ndi ya amene akufuna kumvetsa mmene kompyuta imaganizira. Ilinso ndi gawo la mawebusayiti logwiritsa ntchito zinenero za Python ndi JavaScript. Ndi yaulere, koma mavidiyo ake ndi aatali, bandulo imalira.

Udemy ili pakatikati. Umagula kosi kamodzi n'kukhala yako, amabweza ndalama mkati mwa masiku 30 ngati sunakhutire, ndipo pa app yawo umatha kusunga mavidiyo n'kumaonera popanda intaneti. Musagule pamtengo wokwera umene mwaupeza tsiku loyamba, chifukwa amatsitsa pafupipafupi. Onaninso chaka chimene kosiyo inakonzedwa komaliza, popeza zida zopangira mawebusayiti ngati React zimasintha msanga.

Satifiketi isakupangitseni kulipira: onse amene anandipatsapo ntchito anafuna kuona mawebusayiti amene ndinapanga ndi GitHub yanga, osati pepala.

Lonjezo la ntchito nalo lichenjereni. Mu April 2024 bungwe la boma la America loteteza anthu pa nkhani za ngongole, Consumer Financial Protection Bureau, linalipiritsa chindapusa sukulu ya BloomTech, imene kale inkatchedwa Lambda School. Bungwelo linati sukuluyo inkalengeza kuti ophunzira ofika 86 pa 100 alionse amapeza ntchito, pamene mabuku ake omwe ankaonetsa pafupifupi 50. Ngati ku America komweko zinali choncho, nanga inu muli ku Mzuzu kapena ku Zomba, adzakufunirani ntchito kuti?

Ndiye yankho langa kwa inu nonse ondifunsa ndi ili. Yambani ndi freeCodeCamp kuti muone ngati ntchitoyi ikukukomerani. Ikakukomerani samukirani ku The Odin Project, ndipo ndalama imene mukanalipira sukulu mugulire bandulo, batire labwino la laputopu, mwinanso kosi imodzi ya pa Udemy pa mutu umene wakuvutani. Ngati mwatsimikizabe kulipira sukulu, afunseni kaye mafunso awa ndipo ayankhe cholemba: adzawerenga code yanga ndi munthu kapena makina, tidzakumana nthawi yanji pa wotchi ya kuno, ndipo ndikasiya kulipira ndidzatsala ndi chiyani? Akayamba kuzungulirazungulira pa funso lomalizalo, khadi yanu isatuluke m'thumba.