Scrabble, masewera amene amadyerera zachilendo za Chingerezi

Masewera a Scrabble, amene anawapeka Alfred Butts wa ku America m'zaka za m'ma 1930 ndipo anapatsidwa dzina limeneli mu 1948, amagulitsidwa ndi bolodi ya timabokosi 225 komanso kathumba ka tizidutswa ta zilembo 100, ndipo wosewera aliyense amagwira tizidutswa 7 nthawi imodzi n'kumalumikiza mawu pa bolodipo kuti apeze mapointi. Malamulo ake savuta kumva.

Chimene chimandikopa n'chakuti kathumbako kamaulula khalidwe la Chingerezi. Zilembo za E zilimo 12 popeza zimapezeka paliponse, pamene za S zilimo 4 zokha, chifukwa kuphatikiza S kumapeto kwa dzina kumalichulukitsa, ndipo zikanachuluka aliyense akanamakolola pamene sanalime. Mkangano wokoma umabuka wina akaika "mouses" pa bolodi. Anzake amalumpha n'kunena kuti mbewa zambiri ndi "mice", ndipo sanama, koma mawuwo amaloledwa ndithu, pakuti "mouse" ndi mneninso wotanthauza kusaka mbewa. Nako kusinthanitsa zilembo kumanola ubongo: zilembo za "listen" ndi zomwezo zimene zimapanga "silent", "enlist" ndi "tinsel", ndipo wamaso akuthwa amasankha amene akugwera pa kabokosi kochulukitsa mapointi.

Komabe amene akufuna kugula masewerawa kuti aphunzire chilankhulo asayembekezere zambiri. Chilembo cha Q, cha mapointi 10, nthawi zambiri chimafuna U pambuyo pake, choncho akatswiri amaloweza timawu ngati "qi" kuti chisawatsalire m'manja, ndiponso "cwm", mawu ochokera ku Wales amene alibe A, E, I, O kapena U. Tanthauzo lake safunsidwa. Umboni ndi Nigel Richards wa ku New Zealand, amene mu 2015 anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa asakulankhula chilankhulocho, atangoloweza mndandanda wa mawu ake. Kwa ine, apa masewerawa amasanduka masamu ovala zilembo.

Bolodi wamba ndi yosalala, moti tebulo likangogwedezeka mawu onse amabalalika, ndipo ndi bwino kufunafuna yokhala ndi timizere totukuka togwira tizidutswa. Musanayambe, gwirizanani za dikishonale imene iweruze milandu, chifukwa mndandanda wa ku North America umakana mawu ambiri amene wa Collins (kampani ya madikishonale ya ku Britain), wogwiritsidwa ntchito m'mayiko ena, umavomereza.