Autopilot ikamazimazima: batire latsopano, mawaya atsopano, kapena windvane?

Vuto lake limabwera mofanana pa maboti ambiri a matanga. Nyanja ikakhala bata, autopilot, kachipangizo kamagetsi kowongolera boti kokha, imawongolera bwinobwino. Mphepo ikangokula ndipo mafunde n'kuyamba kukankha boti chakumbuyo, imalira, n'kubwerera pa standby kapena kuzimiratu, boti n'kupotoka lokha. Amene anayendapo pa Nyanja ya Malawi m'miyezi ya mwera akudziwa kuti imeneyi ndi nthawi imene munthu amayifunitsitsa. Anzathu ambiri zikatere amathamangira kukagula batire. Ine ndikuti dikirani kaye, chifukwa njira zimene anthu amalimbikitsa sizichiza nthenda imodzi.

Tengani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Yezani pa batire penipeni, kenako pa pulagi ya autopilot, koma muyeze mota yake ikukankha. Gwirani chiwongolero ndi dzanja kuti ilimbane nacho pang'ono. Kuyeza ili chete n'kutaya nthawi, chifukwa ngakhale waya wodyeka ndi dzimbiri amaonetsa 12.6V ngati palibe chimene chikukoka magetsi. Manambala akatsika mbali zonse ziwiri, wolakwa ndi batire. Akatsika pa pulagi pokha, batire lilibe mlandu.

Ndiyambe ndi mawaya, popeza ndi amene ndimawakayikira kwambiri. Tiyerekeze kuti kuchokera pa batire kukafika pa soketi ya kumbuyo pali mamita 6. Magetsi amapita n'kubwerera, ndiye ulendo wonse ndi mamita 12. Waya wa kopa wa 1.5mm² pa mtunda umenewu amataya pafupifupi 0.7V mota ikakoka 5A. Wa 4mm² amataya pafupifupi 0.26V basi. Muyeso wa bungwe la ABYC la ku America umati zipangizo zofunika ngati zimenezi zisataye magetsi opitirira 3 peresenti, kutanthauza 0.36V pa boti la 12V. Mukuona kuti waya woonda uja walephera kale tisanawerengere n'komwe fyuzi, swichi ndi malo olumikizira. Ndipo soketi ya pa cockpit, pamalo owongolerera boti, ndi imene imazunzika kuposa zonse, chifukwa imanyowa tsiku ndi tsiku. Mukaitsegula mumapeza timapini tachita ndere yobiriwira, ndipo mukasenda wayayo, kopa wake wada mpaka mkati m'malo monyezimira. Wotereyu musavutike kumupala. Dulani, muike waya wa kopa wokutidwa ndi tin, wochokera pa panel ya maswichi ndi fyuzi yakeyake, osagawana ndi furiji kapena pampu. Musaiwale waya wa negative, amene ambiri samuyang'ana ngakhale kuti magetsi onse amabwerera momwemo. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi china chilichonse pano. Chovuta n'choti muyenera kukwawa m'makona otentha a boti tsiku lonse.

Kuika batire lalikulu pa mawaya oterewa kuli ngati kugula thanki yaikulu koma paipi yake ndi yomweyo yotsekeka ija.

Komabe pali nthawi imene batire ndi lolakwadi. La lead-acid lodzaza, litapuma, limaonetsa 12.6V kapena 12.7V. Likafika pa 12.2V latsala ndi theka, ndipo silifuna kutsitsidwa kupitirira pamenepo kawirikawiri. Choncho la 100Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi amene batire limasunga) limakupatsani 50Ah zokha. Ma tiller pilot ang'onoang'ono, ma autopilot okankha ndodo ya chiwongolero, monga Raymarine ST1000 ndi ST2000, amakoka pa avereji pakati pa 0.5A ndi 1.5A poyenda. Pa nyanja yoipa, 1.5A kwa maola 24 ndi 36Ah, musanayatse nyale kapena GPS. Ngati autopilot yanu imagwira bwino masana n'kumazima cham'bandakucha, vuto lili apa. Batire lokalamba limanamizanso: limadzaza msanga, limaonetsa nambala yabwino, koma mota ikangokoka limagwa nthawi yomweyo.

Mugule liti tsono? La AGM, lomwe ndi mtundu wa lead-acid wotsekedwa, nthawi zambiri mumangochotsa lakale n'kuika latsopano, osagula chaja kapena alternator (chotchajira batire cha pa injini) yatsopano. La lithium, mtundu wa LiFePO4, ndi lopepuka, limakhala pafupi ndi 13.2V mpaka litatsala pang'ono kutha, ndipo autopilot imasangalala nalo. Koma ndi lodula, limafuna chaja yoyenerera, ndipo nthawi zambiri pamafunika DC-DC charger, chaja yoikidwa pakati pa alternator ndi batire, kuti alternator isapse. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi khalidwe lake likatha. La lead-acid limafooka pang'onopang'ono, nyale zimachita chizimezime, munthu n'kudziwa. La lithium, BMS yake, kachipangizo koteteza batire, imangodula zonse kamodzi, usiku, muli pakati pa nyanja. Mukasankha limeneli, ikaninso battery monitor yowerengera ma Ah, chifukwa kuyeza ma volt okha sikukuuzani zambiri.

Ngati autopilot imazima pokhapokha mukuliza injini, sitata ndi imene ikumeza magetsi onse kwa kamphindi. Ipatseni injini batire lake, nkhani yatha.

Sola ndi yabwino, ndipo kwathu dzuwa silisowa. Panel ya 100W ingabweze pafupifupi 30Ah pa tsiku lowala ngati matanga sakuiphimba. Koma imangodzazitsa batire, sikonza soketi yovunda.

Ena amati siyani zonsezi, ikani windvane, chipangizo chowongolera boti ndi mphepo, monga Hydrovane, Monitor kapena Windpilot. Izi sizifuna magetsi ngakhale pang'ono, ndipo mphepo ikamakula m'pamene zimapeza mphamvu, mosiyana ndi autopilot. Kwa wowoloka Atlantic ndingamuuze kuti asanyamuke alibe. Koma windvane imatsatira mphepo, osati kampasi. Mphepo ikatembenuka, boti limatembenuka nayo osakuuzani, ndipo pa nyanja yozunguliridwa ndi mapiri ngati yathu, pamene mphepo imasinthasintha pafupi ndi gombe, zimenezi n'zoopsa. Kukakhala bata mukuyendera injini, palibe chimene ingachite. Mtengo wakenso umaposa wa tiller pilot kangapo.

Pali chinanso chosafuna ndalama chimene ndimadabwa kuti anthu amachinyalanyaza. Boti likanyamula matanga ochuluka, limalimbikira kuloza kumphepo, ndipo mota imalimbana nalo osapuma. Chotsani autopilot, gwirani chiwongolero nokha. Ngati dzanja lanu likutopa pakangopita mphindi zochepa, ndiye kuti motayonso ikukoka magetsi ambiri. Chepetsani thanga lalikulu msanga, tsitsani response, muyeso wa changu cha autopilot, kuti isamathamangire kafunde kalikonse, ndipo mudzamva ndi khutu kuti yasiya kulira pafupipafupi.

Kwa boti laling'ono loyenda masiku awiri kapena atatu, ine ndingasinthe mawaya ndi soketi choyamba, n'kuyezanso mota ikukankha. Pa pulagi pakasiyana ndi pa batire ndi zosapitirira 0.4V koma n'kumazimabe, apo gulani AGM. Lithium ndingaisiyire amene ali okonzeka kukonzanso dongosolo lonse lotchajira.