Organic Maps: kusaka maiwe a pamwamba pa mapiri komwe anthu sanaunjikane

Kuno ku Chipata mapiri tili nawo, koma nyanja ya pamwamba pa phiri, ya madzi ozizira moti dzanja limachita dzanzi ukaviika, tilibe. Wofuna kugona masiku awiri kapena atatu m'mbali mwa madzi otere, chikwama kumsana, ayenera kudutsa boda: ku Nyika, ku Mulanje, ku Zomba, kapena kupitirira mpaka ku Lake Ngozi kufupi ndi Mbeya ku Tanzania. Chowawa n'chakuti dziwe lomwe munaliona pa Facebook mumalipeza litadzaza kale, wina ndi sipika, wina akuotcha nyama. Organic Maps ingakuthandizeni kupeza madzi omwe ena sanawaunjirire, ndipo pa ntchito imeneyi ndi yabwino kwambiri, bola mudziwe kuiwerenga.

Ndi pulogalamu yaulere ya mapu, ya pa Android ndi iPhone, yomwe inatuluka mu 2021 kuchokera ku MAPS.ME yakale. Mapu ake amachokera ku OpenStreetMap, komwe anthu odzipereka amajambula misewu, tinjira ndi mitsinje. Mumakopera mapu a dziko mu foni muli kunyumba, kenako imagwira ntchito popanda intaneti. Ilibe malonda otsatsa, ndipo siifuna akaunti. Mawu ake pa foni zathu ali m'Chingelezi, koma mabatani ofunika pa ulendo sakwana asanu.

Chomwe ndimaiyamikira kwambiri ndi chimene ena amachiona ngati chosowa: sikuuzani malo otchuka. Mapulogalamu ngati AllTrails amaika patsogolo njira zomwe anthu ambiri ayendamo n'kuzipatsa nyenyezi, ndiye aliyense wotsegula foni amalondoleredwa malo amodzimodzi. Organic Maps imangokuyalirani dziko mmene lilili. Dziwe lotchuka ndi dziwe losadziwika onse ndi kadontho ka buluu, kusankha n'kwanu.

Kuti musankhe bwino, dinani batani la zigawo za mapu, muyatse Outdoors ndi Contour Lines. Padzabwera mizere yokhotakhota yosonyeza kutalika kwa malo. Amene analimapo munda wa pamtsetse amaidziwa kale: ndi akalozera omwe aja, mzere uliwonse ukudutsa malo ofanana msinkhu. Mizere ikathithikana, pamenepo ndi chikweza chothyola mawondo kapena phompho. Ikatalikirana, ndi pathyathyathya. Pomwe ikupindika ngati nsonga ya mkondo pali chigwa, ndipo nsongayo imaloza kumtunda komwe mtsinje ukuchokera. Tsatirani kamzere ka buluu kuchokera pamwamba: pamene kakutuluka m'mizere yothithikana n'kulowa pamalo otakasuka, mpomwe madzi amadekha n'kupanga dziwe kapena dambo. Malo otere amakhalanso ndi pokhomera tenti.

Mukapeza madziwo, onani mtunda kuchokera pomwe galimoto imalekezera. Anthu a pikiniki sapita patali ndi galimoto, chifukwa kulaboksi ndi yolemera. Dziwe lomwe lili pa ola limodzi kuchokera pamsewu limadzaza Loweruka lililonse. La pa maola anayi, lofuna kukwera mamita 800 kapena kuposa, nthawi zambiri mumalipeza lili zii. Ikani poyambira ndi pofikira, sankhani kuyenda pansi, pulogalamu ikuonetsani makilomita ndi mamita onse okwera. Nthawi yomwe imalemba musaikhulupirire kwambiri, siidziwa kuti mwasenza ufa ndi tenti. Werengani nokha: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezera ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Njira ya makilomita 9 yokwera mamita 1,200 ndi maola pafupifupi anayi kwa munthu wopanda katundu. Ndi chikwama cha makilogalamu 14, werengani asanu ndi theka.

Ku Mulanje zimenezi zimaoneka poyera. Dziwe la Nkhalamba n'lokongola, koma lili pafupi ndi Likhubula pomwe ambiri amayambira, ndiye patchuthi simungamve ngakhale mbalame. Ambiri okwera phiri mtima wawo uli pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, choncho amadzadza njira za ku Chambe ndi Chisepo. Sunthani mapu chakum'mawa, mbali ya Fort Lister ku Phalombe, muone timanyumba togonamo ta Sombani, Chinzama, Madzeka ndi Minunu ndi timitsinje tomwe tatizungulira. Maiwe a kumeneko ndi ang'onoang'ono, a m'matanthwe, ndipo odutsako ndi ochepa. Ku Zomba nkhani ndi yomweyo: damu la Mulunguzi lili pamsewu, la Chagwa lili pamwamba ndipo kumakhala bata.

Ku Nyika n'kosiyana pang'ono, chifukwa dera lonselo n'lopanda anthu ambiri. Kuchokera kuno mumadzera ku Lundazi, makilomita pafupifupi 180, n'kuwoloka pa Lusuntha, kenako Mzimba, Rumphi ndi geti la Thazima. Kaulime ndiyo nyanja yokhayo yachilengedwe pamwambapo, yaing'ono, ndipo anthu a kumeneko amailemekeza kuyambira kale, choncho si malo ochapirapo mbale. Pafupi ndi Chelinda, kampu yaikulu ya pakiyi, pali madamu atatu. Kachigawo ka Nyika ka kuno kwathu ku Zambia, ka masikweya kilomita 80 okha, nakonso mumakafikira podzera msewu wa ku Malawi womwewo. Apa mapu amathandiza pokonza ulendo, koma si chilolezo choyenda nokha. Ndi paki ya nyama, muli akambuku, afisi, ndipo kumunsi kuli njovu. Mumayenda ndi skauti wa paki, ndipo pogona amasankha ndi iyeyo.

Tsopano zofooka zake, chifukwa zilipo ndipo zina n'zoika moyo pachiswe.

Choyamba, mapu ndi abwino mpaka pomwe wojambula anafika. Kanjira kangakhalepo pansi koma pa foni palibe, kapena pa foni kalipo koma kanamera thengo zaka zapitazo. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula nthaka ndi miyala yambiri ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo kamzere ka pa foni sikadziwa kuti pomwe kakudutsa pali chigumukire. Gaidi wa ku Likhubula kapena Fort Lister amadziwa. Ndalama yake musaiwerengere ngati yotayika. Muonetseni dziwe lomwe mwasankha musanayambe kukwera, akakuuzani kuti uko sikupitika, mverani.

Chachiwiri, ilibe zithunzi za satelayiti, ndipo mtundu wa buluu sunena nyengo. Chomwe chajambulidwa ngati dziwe chingakhale thope lokhalokha mu Okutobala. Tsimikizani muli kunyumba: tsegulani Google Earth Pro pa kompyuta, yang'anani zithunzi zakale za malowo, musankhe za miyezi ya chilimwe. Ngati madzi akuoneka mu Seputembala ndi Okutobala, ndi odalirika. Ikani chizindikiro pa Organic Maps, mulembe dzina lomveka ngati "madzi a tsiku loyamba". Ngati mnzanu anayendako n'kusunga njira yake mu fayilo ya GPX kapena KML, akutumizireni pa WhatsApp, mukaitsegula imalowa yokha pa mapu.

Chachitatu ndi batire. GPS imagwira popanda netiweki, ndiye ikani foni pa kandege kaja (airplane mode) mukangoyamba kukwera, chifukwa foni yosaka netiweki yomwe kulibe imadya moto ngati ng'anjo. Kuzizira nakonso kumapha batire. Mpweya umazizira madigiri pafupifupi 6 ndi theka pa mamita 1,000 alionse okwera, ndipo Chelinda ili pamwamba kuposa Chipata ndi mamita opitirira 1,000. Mu Juni ndi Julayi kumagwa chisanu choyeretsa udzu. Foni igone nanu m'bulangete, osati m'thumba la chikwama panja. Pawabanki yolembedwa 10,000 mAh siidzadza kawiri foni ya 5,000 mAh, moto wina umatayika podutsa, ndiye werengani kamodzi ndi pang'ono. Kujambula njira yanu tsiku lonse kumathandiza pobwerera chiperoni chikatseka phiri moti simukuona mnzanu wa patsogolo, koma kumadyanso batire. Foni imodzi pagulu ndiyo ijambule, zina zizime.

Musanawononge ndalama ya thiransipoti, iyeseni pano pomwe. Koperani mapu a Zambia ndi a Malawi pa Wi-Fi, zimitsani data, mukwere phiri la Kanjala m'mawa. Muziyang'ana mmene kadontho kosonyeza pomwe muli kakudumphira mizere pamene mpweya ukukutherani, ndipo potsetsereka muyese kulosera chikweza chotsatira musanachione. Tsegulaninso mapu a Mulanje kapena Nyika data ili chizimire, mukulitse mpaka tinjira tioneke, mutsimikize kuti mizere ija ikubwera. Ambiri amazindikira ali kale pa Mwami kapena pa Lusuntha kuti mapu a dziko linalo sanakopere.

Malo abata amafuna manja aulemu, ndipo pulogalamu siinena zimenezi. Tenti ikhale mamita 60 kuchokera pamadzi. Podzithandiza kumbani dzenje lakuya masentimita 15 mpaka 20, patali chimodzimodzi. Madzi a padziwe, ngakhale oyera mbee, awiritseni mphindi imodzi, ndipo pamwamba pa mamita 2,000 zikhale zitatu, chifukwa kumeneko amawira asanatenthe mokwanira. Mapepala a soya ndi zitini za nsomba zibwerere m'chikwama.

Kodi ndi ya yani? Wofuna kuuzidwa kuti pita apa, malo abwino ndi awa, idzamukhumudwitsa. Wokonda contour yatsatanetsatane ndi zida zambiri angayang'ane OsmAnd, pulogalamu ina ya mapu, ngakhale mizere yake ya kutalika ndi yolipira ndipo ndi yovutirapo kuizolowera. Koma kwa gulu la anthu atatu kapena anayi ochokera kuno, okhala ndi foni wamba ndi majekete a pa salaula a ku Kapata, okonzeka kukhala madzulo awiri akuwerenga mizere ndi kulipira gaidi akafika, Organic Maps ndiyo ndingawauze kuti aike mu foni. Mapu ake amasinthidwa pafupipafupi, choncho sabata yonyamuka muwakoperenso atsopano.