Shopu ya magalasi pa Kasungu boma, kuyeza ndi kwabwino koma mafelemu a ana ndi ochepa

Ndakhala ndikufuna kulemba za shopu ya magalasi yomwe tinapitako pa boma ndi mwana wanga wa Standade 6, lero ndapeza kabandulo ndiye ndilembe basi.

Ife pakhomo sitinkadziwa kanthu, mwana amasenda mtedza bwinobwino, buku amawerenga ali nalo pafupi, ungaganize bwanji kuti maso ali ndi vuto? Anatulukira ndi madamu a kalasi yake kwathu kuno ku Chamama. Akuti ankaona kuti akamakopera za pa bolodi amafinya maso kenako nkumasuzumira mu kope la mnzake, mnzakeyo akalakwitsa naye kulakwitsa momwemo. Wina akanangoti ndi ulesi nkumupatsa chibalo chosesa, koma iwowa anamuimitsa kumbuyo kwa kalasi, kulemba zilembo ndi choko, kumuuza aphimbe diso limodzi ndi chikhatho, mwana osatchula olo chimodzi. Tsiku lomwelo anamusamutsira kutsogolo nkunditumizira kakalata kuti mayi mubwere tikambirane.

Ku shopuko anatilandira bwino, sanatiyang'anire pansi poti tachoka kumudzi ndi fumbi lathu. Bambo oyezawo anali odekha zedi, anamukhazika mwana pampando nkumuonetsa tchati cha chilembo E choyang'ana uku ndi uku, iye nkumangoloza ndi zala komwe miyendo yake yaloza. Kenako anamuveka chifelemu cholemera chija nkumasintha timagalasi, "apa ndi apa pabwino ndi pati mwanawe?" mpaka mwana anangoti zii, nkutembenukira pakhomo kuyamba kuwerenga chikwangwani cha golosale ya tsidya la msewu mokweza. Ine misozi inalengeza, ndinaganiza zaka zonsezi mwana wanga wakhala akuona dziko ngati muli nkhungu.

Chomwe ndinawakondera kwambiri nchoti anandifotokozera mu Chichewa chomveka. Anati mwanayu amaona pafupi koma patali ayi, akufunika magalasi a minus, ndipo aja amagulitsa pamsika olembedwa +1.50 kapena +2.00 ndi a akuluakulu owerengera Baibulo, kwa iyeyu bolodi ingachite kuipiraipira. Zoona ndinatsala pang'ono kumugulira amenewo poti ndi otchipa. Anatinso tidzabwerenso pakatha chaka adzayezenso poti maso a mwana amasintha akamakula.

Koma zodandaula zilipo. Mafelemu a ana analipo atatu okha, ena onse a akuluakulu, ndiye tinatenga okulirapo omwe amatsetsereka pamphuno mpaka ndinamangirira kachingwe kumbuyo. Anati magalasi achokera ku Lilongwe pakatha sabata imodzi, ndinapita ulendo wachabe osawapeza, thiransipoti kupita ndi kubwera yangolowa m'madzi pomwe nambala yanga anali nayo akanangoimba. Kesi yosungira sanatipatsenso, mwana wa kumudzi magalasi aziika pati?

Atafika magalasiwo nkhondo ina inayamba. Agogo ake anati amawononga maso, akazolowera sadzaonanso popanda iwo, pomwe oyeza aja ananena kuti si zoona. Kusukulu anzake anayamba kumutchula agogo, ena maso anayi, ndiye iye akangotuluka pakhomo amavula nkubisa mchikwama, ine osadziwa. Ndi madamu omwewo anandiuza, ndipo anaigwira okha nkhaniyi. Mmawa uliwonse poitana maina amamufunsa magalasi ali kuti, tsiku lina anavala awo owerengera kutsogolo kwa kalasi nkufunsa ngati pali wofuna kuwaseka, kalasi yonse chete. Nthawi ya netibo amamusungira magalasi akewo mchikwama mwawo kuti asasweke. Pano mwana amavala yekha osakumbutsidwa, ndipo manotsi amamaliza limodzi ndi anzake.

Shopuyi ndiipatsa 4 pa 5 ndipo kuyezetsa mutha kupitako osakaika, kungoti muziyamba mwaimba foni musanakwere galimoto kukatenga. Eni shopu ngati muwerenge izi chonde onjezerani mafelemu a ana, komanso bwanji tsiku lina mupite ku TDC, kumalo ochitira maphunziro a aphunzitsi, aphunzitsiwo akakumana mukawaonetse kagwiritsidwe ntchito ka tchati cha E chija? Madamu akuti mkalasi momwemo muli ana ena awiri ofinya maso, makolo awo auzidwa kale koma ya thiransipoti yopitira ku boma sanaipeze.