CSS kapena SAGD pa mchenga wa mafuta wopyapyala

Mafuta a mumchenga ndi olimba ngati phula, sayenda popanda kuwatenthetsa ndi nthunzi. CSS (Cyclic Steam Stimulation) ndi SAGD (Steam-Assisted Gravity Drainage) ndi njira ziwiri zokokera mafutawa pogwiritsa ntchito nthunzi.

CSS imafuna chitsime chimodzi: mumapoperamo nthunzi, kutseka kwa masiku angapo, kenako kukoka mafuta. SAGD imafuna zitsime ziwiri zogona, china mamita pafupifupi 5 pamwamba pa chinzake: nthunzi imalowera m'chapamwamba n'kukwera mumchenga, mafuta osungunuka n'kutsikira m'chapansi.

Ndalama zokumbira: CSS zochepa, SAGD zambiri.
Mafuta otuluka: CSS pafupifupi 25 peresenti ya mafuta a mumchengamo, SAGD imatha kupitirira theka.

Koma mchenga ukapanda kufika mamita 10 kuchindikala kwake, SAGD nthawi zambiri imalephera. Nthunzi imasowa kokwera, kutentha kumathawira m'miyala yapamwamba, gasi wowiritsira madzi n'kumangowonongeka. Pamenepo CSS ndiye yabwinoko, bola mchengawo ukhale wakuya, pansi pa thanthwe lolimba, chifukwa nthunzi yake imang'amba nthaka. SAGD isiyireni mchenga wochindikala ngati wa ku Athabasca, m'dziko la Canada.