Toyota Altezza ya propshaft yowonongeka: igulidwe kapena isiyidwe?

Altezza imakopa maso kuno ku Mchinji, ndipo tsidya la Mwami, ku Chipata, n'kumene imatchuka koposa. Toyota anayamba kuipanga mu 1998 n'kusiya mu 2005, choncho iliyonse imene mukuiona pamsika ndi nkhalamba. Pali AS200 ya injini ya 1G-FE ya masilinda 6, yofatsa, ndi RS200 ya 3S-GE ya masilinda 4, yaukali, yomwe ya manuwalo yake ili ndi magiya 6. Zonsezi zimakankha ndi matayala akumbuyo, n'chifukwa chake nkhani ya propshaft siichedwa kutuluka.

Shafutiyi imachoka ku giyabokosi kukafika ku difu, bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala akumbuyo. Ndi ya zidutswa ziwiri, ndipo pakati pake pali beringi yokhala m'mphira, yomangidwa kunsi kwa galimoto. Ogulitsa akati "kavuto kake n'ka shafuti basi", musangovomera. Lizani injini, pondani buleki, ngati ndi ya otomatiki muchotse giya pa D kupita pa R. Mukamva "gu!" pansi pa mpando, cross (kamtanda kachitsulo ka pa mfundo za shafuti) yatha kapena difu ili ndi mpata. Kenako lowetsani galimotoyo mumsewu wa M12 molunjika kwa Kamwendo, muiyendetse pakati pa 60 ndi 90 km pa ola. Kunjenjemera kobwera mukaponda mafuta, n'kuchepa mukachotsa phazi, n'kwa shafuti. Kukamveka pa chiwongolero osasintha, yambani mwakayikira matayala. Kung'ung'udza kokwera ndi liwiro, kochokera cha pa handibuleki, ndi beringi ya pakati ija.

Musapereke ndalama galimoto isanakwere padzenje. Gwirani shafuti ndi manja awiri, muipotoze uku ndi uku: pa cross pasakhale kusewerasewera ngakhale pang'ono. Fumbi lofiira ngati la njerwa pa makapu a cross likutanthauza kuti girizi anauma kale ndipo timanido tam'kati tikudyana. Kankhaninso shafutiyo m'mwamba muone ngati mphira wa pakati wang'ambika. Chomwe ambiri amaiwala ndi chitoliro chenichenicho cha shafutiyo. Altezza ndi yotsika, mahampu ndi misewu yafumbi ya kumidzi zimaipala pamimba. Chitoliro chikaphwanyika penapake, kapena tizitsulo tobalansira tikathothoka, mungasinthe ma cross onse koma kunjenjemera sikutha.

Apa ndi pomwe galimotoyi imakhumudwitsa. Ma cross ake anawakhomerera kufakitale, alibe ma circlip (timphete totsekera makapu), ndiye si ogogoda ndi hamala n'kulowetsa ena monga amachitira pa Hilux yakale. Amakaniko ena amalowetsa cross ya galimoto ina n'kuwotcherera makapu. Musalole zimenezo. Moto umapsereza girizi, ndipo cross ikangopendekera pang'ono shafuti imavina, n'kudya silo (mphira wotseka oyilo) ndi bushi ya kumchira kwa giyabokosi. Cross ya kutsogolo ikaduka muli paliwiro, shafuti imalasa phula, ndipo imeneyo ndi ngozi yotenga moyo.

Njira yabwino ndi kupeza shafuti yathunthu yochotsedwa pa Altezza ina. Ya manuwalo ndi ya otomatiki n'zosiyana, choncho nyamulani yakaleyo ndi tepi popita kwa ogulitsa masipeya ku Biwi mu Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110, kapena ku Chipata. Muyese kutalika, muwerenge mano a kumutu kolowa mu giyabokosi, muonenso mabowo a mabawuti 4 a ku difu.

Ngati chatha ndi beringi ya pakati yokha, ntchito yake ndi ya theka la tsiku. Lembani ndi penti pa fulanje ya difu (pomangira mabawuti paja) ndi polumikizira zidutswa ziwirizo musanamasule, chifukwa mukaphonya dzino limodzi pobwezeretsa, shafuti yabwinobwino idzanjenjemera. Chotsani chitsulo chotchinga kutentha kwa ekizozi, masulani ku difu, kenako beringi, ndipo ma washa ake musawasokoneze malo. Posolola mutu, ikani beseni pansi chifukwa oyilo amatuluka. Silo ya pamenepo isinthidwe nthawi yomweyo, n'kuwonjezera oyilo wa mtundu womwe unalimo.

Maganizo athu ndi akuti Altezza yotere ndi yogulika, chifukwa vuto la shafuti limaoneka ndi maso ndipo limatha, kusiyana ndi la injini yofuka utsi. Koma yambani mwafunsa mtengo wa shafuti, beringi, silo ndi makaniko, muuchotse pa mtengo wa galimoto. Injini zonse ziwirizi n'za timing belt (lamba woyendetsa mavavu a injini), ndiye ngati mwini sakudziwa kuti lambayo anasinthidwa liti, muwerengerenso ameneyo. Mukapeza mchira wa giyabokosi wasweka kapena difu ikulira, isiyeni. Ya nambala ya ku Zambia musaiguleko musanaone mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unalipidwa.