Uphunzitsi, unamwino, engineering kapena ntchito zamanja: loni yake ubweza ndi chani?

Loweruka lapitali ndinakhala pakhonde mpaka mdima ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga, tikulimbana ndi nkhani ya makosi oti alembe pa fomu ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, yofunsira malo m'mayunivesite aboma. Mnyamatayu wakhoza bwino MSCE, mapointi 13, masamu ndi physics zonse zili bwino, ndiye mtima wake wonse uli pa engineering ku MUBAS. Amayi ake akuti ayi, unamwino, chipatala sichisowa odwala. Ine nditatchula uphunzitsi anangozyolika nkumatokosa pansi ndi kamtengo, kenako akuti amalume inu mukufuna ndidzafe ndikukwera kabaza. Zinandikhudza, chifukwa achemwali angawo ndi a geni ya tomato ndi anyezi pamsika, bambo ake a mwanayu anatisiya kalekale, ndipo ndikudziwa kuti kosi iliyonse yomwe asankhe ikaphunziridwa ndi ngongole basi. Ndiye zomwe tinakambiranazo ndati ndigawane nanu amene muli ndi ana kapena azing'ono anu omwe ali pa mphambano yomweyi.

Tiyambe ndi loniyo kaye poti ambiri timangoimva. Bungwe lomwe limapereka ndi HESLGB, linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, ndipo limathandiza ophunzira ovutika a m'mayunivesite aboma komanso a pulayiveti omwe ndi ovomerezeka ndi NCHE. Ya fizi imapita kusukulu konko, siidutsa m'manja mwako, ya upkeep ndi imene umaigwira. Si aliyense wofunsira amapatsidwa, ndipo ndi ngongole, si mphatso ayi. Pakatha zaka ziwiri utamaliza sukulu imakhala yakhwima, ukalembedwa ntchito abwana ako amayenera kumakudula pa salale nkutumiza. Bungweli mpaka pano likutsatira anthu omwe anatenga ngongole m'ma 1980, ena ndi akuluakulu a mimba zawo m'tauni muno, ndiye asakunamizeni kuti imaiwalika.

Koma ngongole yomwe ine imandiopsa kwambiri si ya HESLGB. Ndi ija ya kunyumba. Masiku ano ophunzira ambiri sagona pa kampasi, wa ku Chanco akapeza kachipinda ku Chikanda, wa ku Mzuni ku Luwinga, wa ku MUST cha ku Goliati, ndipo lendi, makala, ufa, bandulo ya intaneti, fotokope, laputopu, zonsezo upkeep siikwanira, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chotsalacho amayi amakatenga ku banki mkhonde, ikakanika ndi katapila, mbuzi zimapita imodziimodzi, mwina mpaka kubwereketsa munda. Ya boma ija imakudikira zaka ziwiri, wakatapila sadikira ngakhale mwezi. Ndiye ine ndikamayerekeza makosi ndimafunsa zinthu ziwiri, kosiyi itenga zaka zingati mwana asanagwire salale yoyamba, ndipo amene amalemba anthu a kosi imeneyi ndi ndani.

Engineering ndiyambe nayo poti ndi imene mphwanga akuilota. Ku MUBAS, yomwe ambiri timaitchulabe kuti Poly ngakhale inaima payokha mu 2021, digiri ya civil, electrical kapena mechanical ndi zaka 5, osati 4. Chaka chowonjezeracho ndi fizi ina, lendi ina ya mu Blantyre yomwe si yamasewera, loni yokulirapo. Kosi yake ndi yolimba, masamu ake amagwetsa anthu omwe anali anamba wani kusekondale kwawo, ndipo ukabwereza chaka ndiye kuti ngongole yakwera usanaone chilichonse. Ukamaliza malo ake abwino ndi odziwika, ESCOM, EGENCO, ma water board, Roads Authority, Illovo, makontirakita a misewu ndi nyumba, ndipo ukalowa pamenepo zoona salale yake uphunzitsi sungafikepo, loni umabweza osamva kuwawa. Vuto ndi loti zitseko zimenezi ndi zochepa ndipo sizitseguka chaka chilichonse, makontirakita nawo amadalira mapulojekiti, pulojekiti ikaima iwe waima. Pali chiyembekezo cha migodi, Kayelekera ku Karonga, Kasiya ku Lilongwe, Kangankunde ku Balaka, ndipo amene akuphunzira za miyala ndi zitsulo ku MUST kapena MUBAS mwina adzakolola, koma ine sindingauze mayi wogulitsa tomato kuti akongole zaka 5 podalira mgodi. Engineering ndi ya mwana yemwe masamu ali m'magazi, komanso kunyumba kuli munthu woti angamusunge chaka chimodzi kapena ziwiri atamaliza akuponya ma CV.

Unamwino tsono, womwe achemwali akuukakamira. Apa pali njira ziwiri ndipo anthu amazisokoneza. Pali digiri ya ku KUHeS, komwe kale kunali Kamuzu College of Nursing, kapena ku Mzuni, zaka 4, ndiye pali dipuloma ya zaka 3 m'makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ngati Nkhoma, Ekwendeni, Mulanje Mission, Malamulo. Konseko ukamaliza uyenera kukhoza mayeso a Nurses and Midwives Council kuti upatsidwe chiphaso. Achemwali akunena zoona kuti odwala satha, pitani ku Queens kapena ku Kamuzu Central muone mzere, namwino m'modzi wodi yonse usiku. Koma kusowa kwa anamwino m'chipatala ndi kulembedwa ntchito kwa anamwino ndi nkhani ziwiri zosiyana, wolemba wamkulu ndi boma ndipo boma limalemba pomwe bajeti yalola. Mwana wa neba wathu anamaliza, chiphaso anatenga, yunifolomu yoyera ija inakhala mu sutukesi pafupifupi zaka ziwiri, amangogwira ma locum, maganyu ogwirizira m'zipatala, apa ndi apo ndi kakiliniki kena ka pulayiveti komwe malipiro amabwera pa 40. Pano analembedwa ndipo ali bwino, amathandiza kwawo. Ubwino wa unamwino ndi umenewo, ngakhale ukudikira uli ndi luso loti wina angakulipire mawa lomwe, ndipo chiphaso chake chimayenda, ena ali ku UK ndi ku Ireland akutumiza ndalama zomangira nyumba, ngakhale njira yake ndi yodula ndipo ili ndi mayeso akeake a Chingerezi. Chomwe ndinawauza achemwali ndi choti fizi ya ku KUHeS ndi yokwera kuposa mayunivesite ena aboma, komanso ntchitoyi imafuna mtima. Mphwanga amathawa tikamapha nkhuku. Munthu wotere kumukankhira ku wodi ya amayi oyembekezera chifukwa cha salale ndi kulakwira iye komanso odwala.

Udokotala sindikhalitsapo, amatengedwa ndi okhawo a mapointi ochepa kwambiri, zaka zake 6 kuphatikiza chaka choyambirira chija, kenako internship. Ndi ntchito yaulemu ndipo sugona ndi njala, koma banja liwerenge bwino zakazo.

Uphunzitsi ndi womwe ndikufuna ndiulankhulire pang'ono chifukwa timaunyoza mopitirira. Ndikunena wa kusekondale, digiri ya education ku UNIMA, Mzuni, kapena ku Domasi ndi Nalikule. Zaka 4, mapointi ake sapanikiza ngati engineering, ndipo amene watenga masamu, physics, chemistry kapena biology amasowa, ma CDSS ambiri kumudzi phunziro la sayansi akuphunzitsa ndi munthu amene sanaliphunzire. Inde boma limachedwa kulemba, tonse tinaona momwe aphunzitsi a pulayimale a IPTE anadikirira zaka, ndipo a sekondale a maphunziro ngati history ndi social nawo amadikira. Koma wa masamu sakhala manja lende, masukulu a pulayiveti ali mbwee m'tauni iliyonse, makalasi a open madzulo, ana a MSCE ofuna part time, mwezi womwe wamaliza mayeso omaliza akhoza kuyamba kugwira kangachepe. Salale ndi yochepa, izo sindikana, galimoto sugula msanga, mwina akutumiza kusukulu yoti netiweki umakaipeza pachulu. Koma loni ya zaka 4 pa salale yobwera mwezi ndi mwezi imabwezeka, ndipo digiri ya education sikutsekera m'kalasi moyo wonse, ndawaona anzanga omwe anayamba ndi choko pano ali m'mabungwe, m'mabanki, ena anapita kukachita masters nkumaphunzitsa ku koleji. Kwa mwana wa banja losauka amene akufuna digiri koma sangakwanitse kukhala chaka osalandira kanthu, uphunzitsi wa sayansi ine ndimauika pamwamba pa engineering, ngakhale zikumveka zopanda ulemerero.

Ndiye pali njira ija yomwe makolo safuna nkomwe kuimva mwana akakhoza bwino, ntchito zamanja. Soche Technical, Lilongwe Technical, Mzuzu, Nasawa, Namitete, Salima, kudzera ku TEVETA. Zamagetsi, mipope, kuwotcherera, umakaniko, makina oziziritsa monga mafiriji, zomangamanga. Fizi yake poyerekeza ndi yunivesite ndi yotsika kwambiri, ndipo chaka chachiwiri chomwe mwana amayamba kugwira timaganyu pa holide. Mnyamata amene anandiikira sola kunyumba kwanga anabwera ndi kachikwama ka zida ndi makwerero obwereka, anagwira masiku awiri, ndalama yomwe ndinamupatsa inali pafupi ndi theka la salale ya mphunzitsi, ndipo foni yake imangolira anthu akumufuna. Alibe ngongole ndi munthu. Kuipa kwake nkoti ndalama yake ilibe tsiku, mwezi wina zambiri mwezi wina zii, penshoni palibe ukapanda kudzisungira wekha, zida zoyambira zimafuna mpamba, ndipo thupi likatopa ntchito yatopanso. Komanso tisabise, pa chinkhoswe anthu amafunsabe kuti mkamwini ali ndi pepala lanji. Koma kwa mwana wa mapointi 25 kapena 30 amene makolo akufuna kumugulitsira munda kuti akachite digiri ya business pa yunivesite ya pulayiveti, chonde ganizani kawiri, ndipo ngati mwalimbikira yambani mwafunsa ngati kosiyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, chifukwa pepala losavomerezeka loni simupeza ndipo boma silikulembani.

Accounting ndi law ndingodutsamo. Accounting ntchito zilipo koma digiri payokha siikwanira masiku ano, amafuna uwonjezere mapepala a ICAM kapena ACCA, ndipo a ACCA amalipiridwa mu mapaundi, ndi kwacha yathuyi muwerenge nokha. Njira yabwino ndi yoyamba ndi dipuloma, kulowa ntchito, nkumalemba mapepalawo uli pa salale. Law ndi yabwino kwa amene walowa, koma ukamaliza digiri pali kaye MILE, sukulu yosula maloya, usanaloledwe kuimira anthu kukhoti, imeneyonso ndi nthawi ndi ndalama.

Zomwe zimandimvetsa chisoni ndi ma digiri a humanities ndi social science, chifukwa ndi imene ndinachita ine ndipo ndimaikonda mpaka lero, inanditsegula mutu. Koma nditamaliza ndinayenda ndi envelopu ya khaki zaka zitatu, nsapato inatha chidendene, ofesi ina anandiitana intaviyu katatu konse kenako ndinamva kuti malowo anali ndi mwini wake kale. Nthawi yonseyo amayi anga anali akubwezabe ndalama yomwe anakongola kwa munthu wina m'mudzi kuti ndigulire mabuku ndi kulipira lendi. Makosi amenewa ntchito zake zambiri zili m'mabungwe omwe amadalira thandizo lakunja, ndipo mwaona nokha momwe anthu anathera ntchito thandizo la USAID litaimitsidwa mu 2025. Pulogalamu ya boma ya internship imathandizako koma ndi ya kanthawi. Sindikuti musaphunzire zimenezi, dziko likufuna anthu oganiza, koma wosankha adziwe kuti akusankha njira yodikira ndipo awonjezerepo luso lina ali pasukulu pomwepo, kompyuta, statistics, chilichonse chogwirika.

Chinanso chomwe ndinamuuza mphwanga ndi choti fomu ya NCHE si malo olota okhaokha. Ambiri amadzaza mizere yonse ndi makosi omwe aliyense wa mapointi 6 mpaka 10 akulimbirana, kenako dzina osatuluka, chaka chapita. Kota, kusankha potengera boma lomwe ukuchokera kuja, inathetsedwa mu 2020, pano ndi mapointi ako ndi malo omwe alipo basi, ndiye uyenera kusakaniza, loto lako pamwamba, pansi pake kosi yoti ukudziwa kuti ungatengedwe ndipo ungaikonde.

Tinatseka nkhani udzudzu utayamba kuluma. Iye anati amalume engineering yokha ndiisiye pa nambala wani, ndikaisiya ndidzadandaula moyo wonse, ine ndinavomera koma tinagwirizana kuti ikhale electrical, poti ngakhale ESCOM itapanda kumutenga atha kumaika mawaya ndi sola m'nyumba za anthu akudikira. Pansi pake walemba education ya masamu ndi physics, ku UNIMA ndi ku Mzuni. Unamwino sanaulembe, achemwali anakwiya pang'ono koma m'mawa mwake anabwera ndi kabuku kawo ka banki mkhonde kudzandionetsa kuti masheya awo afika pati, akuti achimwene muone ngati zingakwane lendi ya semesita yoyamba. Sizikukwana, ndiye ndawauza kuti mbali ya lendi ndi laputopu ndinyamula ine, iwo asapite kwa wakatapila, ndipo mayina akangotuluka tikayambe msangamsanga kusonkhanitsa mapepala ofunsira loni ya fizi.